Opaleshoni ya ng'ala: kodi kuthobwa ndi magetsi a galimoto usiku kumatha?

Nachisale_Chilomoni

Moni nonse. Ndikufunsirako bambo anga, a zaka 68. Kuchipatala cha maso anawapeza ndi ng'ala m'maso onse awiri, koma pa tchati cha zilembo anawerenga mpaka mzere wa 6/12 (kutanthauza kuti amawerenga pa mamita 6 zomwe diso labwino limawerenga pa mamita 12), ndiye iwo akuti maso akadali bwino, za opaleshoni zidikire kaye. Chonsecho usiku sakuthanso kuyendetsa pa Chipembere Highway, chifukwa magetsi a galimoto zobwera kutsogolo amawathobwa mpaka msewu kuwasowa. M'mawa polowera ku Limbe, dzuwa likakhala kumaso, n'chimodzimodzi. Kunyumba saona pomwe sitepe ya simenti yathera, makamaka kukamada.

Zimatheka bwanji munthu kuwerenga tizilembo ting'onoting'ono koma osaona sitepe? Nanga opaleshoni imathetsadi kuthobwaku? Ena akuwaopseza kuti ukachitidwa opaleshoni kuwala ndiye kumapweteka kuposa kale. Odziwa za maso, chonde tithandizeni.

Namaso

Achemwali, zomwe mwafotokozazi n'zodziwika bwino, ndipo bambo sakunama mbali zonse ziwiri. Tchaticho akuwerengadi, sitepeyo sakuionadi. Nkhani ndi yakuti tchati cha kuchipatala chimayeza chinthu chimodzi chokha: kachilembo kakuda bii pa pepala loyera mbee, m'chipinda chowala bwino, popanda nyali yoloza kumaso. Moyo wa tsiku ndi tsiku suli choncho. Sitepe ya simenti ndi yotuwa, pansi pake n'potuwanso. Munthu wovala zakuda amene akuyenda m'mphepete mwa tala usiku amasiyana pang'ono kwambiri ndi mdima womuzungulira. Mphamvu ya diso yosiyanitsa chinthu ndi malo omwe chili, pamene ziwirizo zayandikana mtundu, ndi imene madokotala amaitcha contrast sensitivity, ndipo ng'ala imayamba kudya imeneyi tchati chisanasonyeze kanthu.

Kuseri kwa mwana wa diso kuli lenzi, yomwe munthu amabadwa nayo ili mbee. Ntchito yake ndi kusonkhanitsa kuwala kuti kukagwe malo amodzi pa retina, kumbuyo kwa diso. Ng'ala ndi lenzi yomweyo ikachita chifunga chifukwa mapuloteni ake aundana. Lenzi yotere imachepetsa kuwala kolowa, inde, koma choipa kwambiri n'chakuti imakumwaza. Kuwala kwa nyali imodzi, m'malo mogwa pakadontho kamodzi, kumafalikira pa retina yonse n'kuphimba chilichonse chofooka chimene chinali pambali. Zili ngati galasi lakutsogolo la minibasi lodzaza fumbi: pamthunzi msewu umaoneka, koma dzuwa likangoliwomba lonse limayera, osaona ngakhale wa kabaza amene ali pafupi.

Ng'ala zilipo za mitundu itatu ikuluikulu, ndipo sizithobwa mofanana. Ya pakati pa lenzi, nuclear, ndiyo yofala paukalamba. Lenzi imasanduka yachikasu kenako yofiirira, mitundu imazilala makamaka wa buluu, ndipo nthawi zina munthu amayambanso kuwerenga popanda magalasi n'kumaganiza kuti maso achira, pomwe ndi lenzi yomwe ikuuma n'kusintha mphamvu. Ya m'mphepete, cortical, imapanga mizere yoyera yochokera m'mbali kuloza pakati. Masana mwana wa diso amakhala wamng'ono, mamilimita 2 kapena 3, ndiye mizereyo imabisika. Usiku akakula, kuwala kumadutsa pamizerepo n'kumwazika, n'chifukwa chake vuto limakula poyendetsa usiku. Yachitatu, posterior subcapsular, ndi kachigamba kakang'ono kumbuyo kwenikweni kwa lenzi, pakati pomwe kuwala konse kumadutsira. Imeneyi ndiyo yankhanza padzuwa, chifukwa mwana wa diso akachepa kuwala konse kumakakamizika kudutsa pachigambapo. Imakonda anthu a shuga ndi amene agwiritsa ntchito mankhwala a steroid nthawi yaitali. Munthu wa ng'ala yotere akhoza kuwerenga 6/9 m'chipinda, kutuluka panja n'kulephera kuzindikira nkhope ya mnansi. Poti bambo akuvutika usiku ndi padzuwa pomwe, n'kutheka ali ndi mitundu iwiri pamodzi, zomwe zimachitika kawirikawiri.

Akamabwerera kuchipatala asangoti "maso sakuona bwino". Anene mwatchutchutchu kuti asiya kuyendetsa usiku ndiponso kuti masitepe akuwasowa. Pali njira zoyezera zimenezi. Yosavuta ndi kuwerengetsa tchati chomwecho kwinaku woyeza akuunikira tochi cha m'mbali moloza diso. Ngati atsika mizere iwiri kapena kuposa, kuthobwako n'kwenikweni. Ina ndi tchati cha Pelli-Robson, chowerengedwa munthu ali pa mita imodzi. Zilembo zake n'zazikulu mofanana koma zimanka zizilala m'magulu a zitatuzitatu, gulu lililonse limene munthu wawerenga likuwonjezera 0.15 pa malikisi ake. Wachikulire wa maso abwino amafika cha m'ma 1.65, ndipo pansi pa 1.50 ndiye kuti vuto lilipo looneka.

Tsono funso lanu lalikulu. Inde, ngati gwero la kuthobwa ndi ng'ala, opaleshoni imachotsa gwerolo. Amadontheza mankhwala okulitsa mwana wa diso, amapha ululu ndi jakisoni wa pambali pa diso kapena madontho, amatsuka ndi mankhwala opha tizilombo a povidone-iodine, kenako amatsegula kanjira kakang'ono. Kutsogolo kwa kathumba kosunga lenzi amaboolako kabowo kozungulira ka mamilimita pafupifupi 5, n'kutulutsa lenzi yachifungayo, n'kusiya kathumbako kuti alowetsemo lenzi yapulasitiki yoyera. Zonse zimatenga mphindi 15 mpaka 30 munthu ali maso. Diso silitulutsidwa m'mutu ayi, muwauze bambo zimenezi chifukwa bodza limeneli laopseza anthu ambiri. Kuno ku Blantyre ntchitoyi imachitika ku Lions Sight First Eye Hospital pa Gulupu, komanso kuzipatala zina zolipira.

Phindu lake silithera pa tchati. Kafukufuku wa ku Alabama, ku America, amene anatuluka mu 2002, anapeza kuti madalaivala achikulire a ng'ala omwe anachitidwa opaleshoni ankachita ngozi pafupifupi theka poyerekeza ndi anzawo amene sanachitidwe. Wina wa ku Nottingham, ku England, wa mu 2005, anaonetsa kuti amayi opitirira zaka 70 ankagwa mocheperako ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu atachitidwa diso loyamba. Kwa munthu wa zaka za bambo, kugwa pa sitepe n'kuthyoka chiuno si nkhani yaing'ono.

Zoti ng'ala iyambe yakhwima ndi zakale, za nthawi imene ankachotsa lenzi yonse pamodzi ndi kathumba kake. Masiku ano ng'ala youma kwambiri imangovutitsa opaleshoni, ndipo ikapyola imatha kutupa kapena kutuluka madzi n'kukweza presha ya m'diso mopweteka. Kwa ine, munthu amene wasiya kuyendetsa ndipo akupapasa masitepe nthawi yake yakwana, ngakhale tchati chikuti 6/12.

Anamwino_Ndirande

A Namaso afotokoza bwino. Ine ndiyankhe za omwe akuti kuwala kumapweteka kuposa kale, chifukwa nawonso sakupeka. Chofunika ndi kudziwa kuti kuthobwa kwabwera liti, popeza nthawi yake ndiyo imasonyeza gwero.

Masiku oyambirira pafupifupi aliyense amaona kuti dziko lawala mopyola. Kwa zaka zambiri retina inazolowera kulandira kuwala kochepa, kosefedwa ndi lenzi yachikasu, ndiye mwadzidzidzi sefa ija palibe. Ambiri amaona zinthu zoyera zikuoneka za buluu pang'ono, ndipo akatseka diso lochitidwalo n'kuyang'ana ndi linalo, khoma lomwelo limaoneka lachikasu. Izi si matenda. Zimatha pamasiku kapena masabata ochepa ubongo ukazolowera. Mwana wa diso nayenso amakhala akadali wotambasuka ndi mankhwala: tropicamide amatha pa maola 4 mpaka 6, cyclopentolate tsiku lathunthu, koma ngati anagwiritsa ntchito atropine zimatha kufika sabata imodzi kapena awiri.

Chachiwiri ndi kutupa kwa cornea, kagalasi koonekera ka kutsogolo kwa diso. Mkati mwake muli maselo amene amapopa madzi kuti ikhale youma ndi yoyera. Opaleshoni imawagwedeza, makamaka ng'ala ikakhala youma, ndiye cornea imamwa madzi. Munthu amaona chifunga ndi timikombero tamitundu kuzungulira nyali, ndipo zimakula m'mawa podzuka chifukwa diso lakhala lotseka usiku wonse. Kwa ambiri zimatha pasanathe sabata kapena awiri. Ichi ndi chifukwa chinanso chosadikirira kuti ng'ala iume gwa.

Mkati mwa diso mumakhalanso kutupa kwa chilonda, ndipo n'kumene kumapangitsa kuti kuwala kuzilasa. Madontho a steroid, monga prednisolone acetate 1% kapena dexamethasone 0.1%, ntchito yake ndi imeneyi. Nthawi zambiri amayamba kanayi patsiku kapena kuposa, n'kumachepetsa pang'onopang'ono kwa masabata 4 mpaka 6, pamodzi ndi madontho opha tizilombo monga chloramphenicol kapena ciprofloxacin pachiyambi. Cholakwika chofala ndi kusiya madontho pa sabata yachiwiri chifukwa diso layamba kuona. Kutupa kumabwerera, diso limafiira, kuwala kumapwetekanso. Cholakwika china ndi chosiyana nacho: kupitiriza kugula steroid kufamase miyezi ndi miyezi popanda kuyezetsa. Mwa anthu ena steroid amakweza presha ya m'diso kupyola 21 mmHg mwakachetechete n'kuwononga mtsempha wa diso, ndipo zowonongeka pamenepo sizibwerera. Tsiku lobwereranso kuchipatala lisaphonyedwe ngakhale diso likuona bwino chotani.

Kadonthezedwe kake: sambani m'manja ndi sopo, gwedezani botolo la prednisolone chifukwa mankhwala ake amakhazikika pansi, kokerani chikope cham'munsi, dontho limodzi basi, kamwa ya botolo isakhudze nsidze kapena diso. Atseke diso kwa mphindi imodzi kapena ziwiri akudina pang'ono pakona ya kumphuno. Ngati mabotolo ndi awiri, pakhale mphindi 5 pakati, apo ayi lachiwiri limangotsuka loyamba. Usiku azigona ndi chotchingira diso chapulasitiki kwa sabata yoyamba. Madzi osamba asalowe m'diso, asalitikite, atalikirane ndi utsi wa mbaula ndi fumbi la posesa. Mankhwala azitsamba, mkaka wa m'mawere kapena madontho a mnansi zisayandikire diso limeneli.

Kuuma kwa maso anthu sakuganizira, koma kumathobwa kwambiri. Misozi ndiyo malo oyamba pomwe kuwala kumafikira. Chilonda cha opaleshoni chimadula timitsempha ta cornea, ndipo mankhwala osungira madontho kuti asawonongeke amaumitsanso diso. Chizindikiro chake n'chakuti kuona kumasinthasintha: akaphethira kumayera, pakapita masekondi angapo kumachitanso chifunga, ndipo m'diso mumamveka ngati muli mchenga. Madontho onyowetsa maso kanayi patsiku amathandiza. Mu Okutobala, ndi kutentha ndi fumbi lathu lino, vutoli limakula.

Pali zina zomwe siziyenera kudikira tsiku la sikelo ya maso. Diso likayamba kupweteka kwambiri, kufiira, chikope kutupa, kuona n'kumatsika m'malo mokwera, makamaka m'sabata yoyamba kapena yachiwiri, akhoza kukhala mafinya a mkati mwa diso, ndipo amafuna chithandizo tsiku lomwelo, ngakhale Lamlungu. Chimodzimodzi akaona kung'anima m'diso, timadontho takuda tambiri toyandama tobwera mwadzidzidzi, kapena mdima wolowa kuchokera mbali imodzi. Pamenepo retina ikhoza kukhala ikumatuka. N'zosachitikachitika, koma zikachitika maola amawerengedwa.

Nachisale_Chilomoni

Zikomo kwambiri nonse, ndawawerengera bambo ndipo ayamba kufewa. Ndinaiwala kunena kuti ali ndi shuga kwa zaka zambiri, komanso amamwa mankhwala a prostate. Kodi zimenezi zikusintha kanthu? Komanso tamva kuti pali lenzi yodula yoti munthu safunanso magalasi. Kwa munthu wodandaula za kuthobwa, yabwino ndi iti?

Kapeni_Optics

Achemwali, ndiyankhe za lenzi, za shugazo a Namaso abwera nazo.

Lenzi yoyamba yoika m'diso anaiika Harold Ridley ku St Thomas' Hospital, ku London, mu 1949. Inali ya pulasitiki yolimba yotchedwa PMMA, imene anaisankha ataona kuti tizidutswa take tolowa m'maso mwa oyendetsa ndege za nkhondo sitinkayambitsa kutupa. PMMA yomweyo ikugwirabe ntchito lero, ndipo inatsika mtengo kwambiri mafakitale monga Aurolab ya ku Madurai, ku India, atayamba kuipanga mu 1992. Poti siipindika, imalowa pa kanjira ka mamilimita 6 mpaka 7, mu opaleshoni yamanja yotchedwa SICS, yomwe ndi yofala m'zipatala za kuno ku Africa. Njira inayo ndi phaco, imene Charles Kelman anayambitsa mu 1967: makina amaphwanya ng'ala ndi kunjenjemera kwa ultrasound n'kuiyamwa pa kabowo ka mamilimita osakwana 3, n'kulowetsa lenzi ya acrylic yopindika. Munthu asadzimve wotsalira chifukwa wachitidwa SICS. Pa nkhani yochotsa chifunga ndi kumwazika kwa kuwala, njira zonse ziwiri zimagwira, ndipo pa ng'ala youma kwambiri SICS nthawi zambiri ndiyo imasamala cornea. Phaco imaposa pa kuchira msanga ndi kusapotoza cornea.

Lenzi yodula mwamvayo ndi multifocal. Ili ndi timizere tozungulira timene timagawa kuwala, kwina kupite kooneka zapatali, kwina zapafupi, ndipo kwina kumangotayika. Nthawi iliyonse retina imalandira chithunzi chimodzi chakuthwa ndi china chosamveka pamwamba pake. Zotsatira zake ndi contrast yotsikirapo ndi mikombero kuzungulira nyali usiku. Ambiri amazolowera, ena ayi. Kwa bambo amene dandaulo lawo ndi magetsi a galimoto, ndiponso ali ndi shuga yomwe ingadzakhudze retina, ine sindingawalangize imeneyi ngakhale ndalama zilipo. Atenge monofocal, yoloza patali, n'kugula magalasi owerengera a +2.50 kapena pafupi pamenepo. Ngati pali mwayi wosankha, monofocal ya aspheric imathandizako pang'ono mumdima, mwana wa diso akakula, chifukwa imakonza kupotoka kwa kuwala kodutsa m'mphepete mwa cornea. Masana kusiyana kwake n'kochepa.

Chofunika kuposa dzina la lenzi ndi mphamvu yake. Asanachite opaleshoni ayeze kutalika kwa diso ndi kupindika kwa cornea, zomwe amazitcha biometry. Diso lapakatikati ndi lalitali mamilimita pafupifupi 23.5 ndipo limafuna lenzi ya cha m'ma +21 kapena +22. Kuphonya ndi milimita imodzi yokha kumasokoneza ndi madayoputa (muyeso wa mphamvu ya lenzi) pafupifupi 2.5 mpaka 3, ndiye munthu amatuluka ng'ala yachoka koma nyali iliyonse ikuoneka chimpira chachikulu. Funsani ngati biometry yachitika pa diso lililonse palokha.

Lenzi yapulasitiki ili ndi zakezake. Mbali yake yoonera ndi mamilimita 6, yocheperapo kuposa lenzi yobadwa nayo, ndipo zambiri zamakono zili ndi m'mphepete mosongoka. Kuwala kochokera m'mbali kukagunda pamenepo, ena amaona kung'anima kapena kamzere kowala kokhota, ena amaona mthunzi wakuda wokhota cha mbali ya kukhutu. Dzina lake ndi dysphotopsia. Kwa ambiri zimazimiririka pamasabata kapena miyezi, ndipo ndi ochepa kwambiri amene amafika pofuna kuti lenzi isinthidwe. Mphepete yosongokayo anaipangira dala, chifukwa imatchinga vuto lalikulu kuposa limeneli.

Vutolo ndi ili. Kathumba kaja kamene amasiya kamakhala ndi maselo otsalira a lenzi yakale. Pakapita miyezi kapena zaka, maselowo amakwawira kumbuyo kwa lenzi yatsopano n'kuchititsa chifunga khoma la kathumbako. Munthu amene ankaona bwino amayambanso kuthobwa ndi magetsi, zotuwa zimayambanso kusowa, ndipo amati ng'ala yabwerera. Ng'ala sibwerera, popeza lenzi yake inachoka. Kafukufuku wakale ankapeza zimenezi mwa munthu mmodzi pa asanu alionse pofika zaka zitatu, ndipo malenzi atsopano achepetsako. Monga ng'ala yeniyeni, zimayamba ndi kuthobwa tchati chisanatsike. Mankhwala ake ndi laser ya YAG: munthu amakhala pampando, amadontheza mankhwala, amaboola kabowo pakati pa khomalo, mphindi zosakwana 10, popanda kucheka. Pambuyo pake amatha kuona timadontho toyandama kwa masiku angapo, ndipo presha imayenera kuyezedwa. Kabowoko kakachepa kuposa mwana wa diso wa usiku, kuthobwa kumatsalako, ndiye ngati madandaulo a usiku akupitirira, abwerere akaone ngati kakufunika kukulitsa.

Pomaliza, magalasi. Asathamangire kuyezetsa chilonda chisanakhazikike. Masabata 6 ndi nthawi yabwino. Kanjira ka SICS kamatha kusiya cornea yopindika mosafanana, astigmatism, ndipo munthu wotere amaona nyali za galimoto zitatambasuka mizere yoloza mbali imodzi. Kuyesa kwake n'kosavuta: boolani pepala lolimba ndi singano, ayang'anire pakabowopo. Ngati zinthu zikuthwa, vuto ndi la magalasi, osati la mkati mwa diso. Magalasi akhale ndi utoto woletsa kunyezimira, anti-reflective. Masana avale akuda olembedwa UV400, a polarised ndi abwino pa tala wonyowa ndi malata onyezimira, komanso chipewa chakhonde. Koma asawavale m'nyumba tsiku lonse, chifukwa diso limachedwa kuzolowera kuwala. Magalasi achikasu amene amagulitsidwa kuti ndi oyendetsera usiku asagule. Amachepetsa kuwala kofika pa retina nthawi imene kuli kochepa kale, ndipo poyesedwa sanathandize madalaivala kuona oyenda pansi msanga.

Dalaivala_Zalewa

Ndiwonjezereko za pamsewu, poti madala akufuna kubwerera pachiwongolero. Asayambe ndi usiku. Dokotala akavomereza, ayambe masana m'misewu yozolowera, usiku udikire magalasi atsopano. Galasi lakutsogolo alipukute mkati momwe, osati kunja kokha, chifukwa mafuta ndi utsi zomata mkatimo zimamwaza kuwala kwambiri. Mawaipa otha amasiya mizere yomwe imayaka ikakumana ndi magetsi. Magalasi a nyali za galimoto yawo akachita chikasu, apukutidwe kapena asinthidwe. Yobwera kutsogolo ikakana kutsitsa magetsi, asaiyang'ane, maso akhale kumanzere m'mphepete mwa msewu, liwiro litsike. Galasi loonera kumbuyo lili ndi kachitsulo pansi kolitembenuzira ku usiku, ambiri sakagwiritsa ntchito. Nyengo ya chiperoni, mu Juni ndi Julayi, magetsi aatali amangobwerera kumaso, atsike ku afupi. Ndipo diso limodzi likachitidwa linalo likadali ndi ng'ala, lotsalalo limapitiriza kumwaza kuwala n'kusokoneza labwinolo, ndiye asadabwe kuti usiku sikunayere kwenikweni mpaka lachiwiri litachitidwa.

Namaso

Achemwali, mwachita bwino kutchula ziwirizo, zonse n'zofunika.

Ndiyambe ndi za prostate chifukwa n'zimene zimaiwalika. Onani dzina pa paketi. Ngati ndi tamsulosin, kapena ena a gulu lake monga alfuzosin ndi doxazosin, dokotala wa maso auzidwe lisanafike tsiku la opaleshoni. Mankhwalawa, makamaka tamsulosin, amafooketsa mnofu wa iris, mbali yamtundu yozungulira mwana wa diso. Pa opaleshoni iris imalendewera, mwana wa diso amachepa ntchito ili mkati, ndipo iris imatha kutulukira pachilonda n'kung'ambika. Iris ndiyo chitseko cha kuwala. Ikang'ambika kapena mwana wa diso akatsala wopotoka ndi wosatseka, munthu amathobwa moyo wake wonse ngakhale lenzi ili yoyera. Dokotala akadziwiratu amakonzekera ndi mankhwala a m'diso kapena timbedza togwirira iris, ndipo zimayenda bwino. Kusiya kumwa sabata imodzi opaleshoni isanachitike sikuthandiza, chifukwa kufookako kumakhalapo ngakhale munthu anasiya kalekale, ndipo kusiya kungawatsekere mkodzo. Angonena basi, ngakhale atakhala kuti anamwa zaka zapitazo.

Za shuga. Lenzi yatsopano imangofikitsa kuwala koyera pa retina. Ngati retinayo yadwala, contrast siibwerera yonse. Choncho asanachite opaleshoni, akulitse mwana wa diso ndi kuyang'ana kumbuyo bwinobwino ngati shuga yatulutsa timagazi kapena yatupitsa macula, kachigawo ka pakati kamene timawerengera ndi kuzindikirira nkhope. Pa ng'ala ya 6/12 kumbuyo kumaonekabe, ndiye uwu ndi mwayi wina wosachedwera. Ng'ala ikatseka, dokotala amachita opaleshoni asakudziwa chimene chili kuseri. Kukapezeka vuto, nthawi zambiri amayamba alithandiza ndi laser kapena jakisoni wa m'diso. Ayezenso presha ndi kuona mtsempha wa diso, chifukwa glaucoma, nthenda yowononga mtsemphawo, nayo imadya contrast mwakachetechete, ndipo imapezeka kwambiri mwa ife anthu akuda kuposa mwa azungu. Banja lidziwiretu zimene opaleshoni ingabweze ndi zimene singabweze.

Pambuyo pa opaleshoni, munthu wa shuga ali pachiopsezo chokulirapo cha kutupa kwa macula. Kumabwera mochedwa, kawirikawiri pakati pa sabata ya 4 ndi ya 12. Munthu amene ankaona bwino m'masabata oyamba amayamba kuona pakati pofooka, zilembo zotuwa, mizere yowongoka ikuoneka yokhota, popanda ululu kapena kufiira. Kuyang'anira pa kabowo ka pepala kuja sikuthandiza, nthawi zina kumaipitsa, ndipo ndi mmene mungasiyanitsire ndi vuto la magalasi. Makina ojambula retina otchedwa OCT amaonetsa kutupaku bwino. Madokotala ambiri amawonjezera madontho monga ketorolac, diclofenac kapena nepafenac kwa anthu a shuga pofuna kupewa zimenezi, ndiye mufunse. Njira yodziyezera kunyumba: kamodzi patsiku atseke diso linalo, ayang'ane felemu ya chitseko kapena mizere ya kalendala ali pamalo amodzimodzi. Ikayamba kukhota, apite osadikira tsiku lomwe analemberedwa.

Shuga ndi BP zikhale zokhazikika masabata angapo opaleshoni isanafike, osati kudzimana chakudya dzulo lake kuti nambala itsike. Shuga yokwera imachedwetsa chilonda kupola ndipo imasinthanso mphamvu ya diso, moti magalasi oyezedwa tsiku lotere amatuluka olakwika. Atenge buku lawo la kuchipatala ndi mapaketi a mankhwala onse amene akumwa, kuphatikizapo asipirini kapena warfarin ngati alipo, ndipo afunse za kadyedwe ndi kamwedwe ka mankhwala a shuga m'mawa wa tsikulo.

Pa zomwe a Dalaivala anena za diso lachiwiri ndikugwirizana nazo. Maso awiri abwino akamagwira limodzi amaona zinthu zozilala bwino kuposa diso limodzi, ndipo kuyeza kuya kwa sitepe kapena ngalande kumafuna onse awiri. Pakati pa maopaleshoni awiriwo pamakhala masabata angapo, ndipo nthawi imeneyi magalasi akale sagwirizananso ndi diso lochitidwalo. Ngati kusiyana kwa maso awiriwo kwafika madayoputa 3 kapena kuposa, munthu amachita chizungulire ndipo pansi pamaoneka popendekeka. Wokonza magalasi akhoza kuchotsa galasi la mbali yochitidwayo n'kuikapo lopanda mphamvu podikira. M'masabata amenewo pentani mzere woyera kapena wachikasu m'mphepete mwa sitepe iliyonse, ikani nyali yowala pakhonde ndi panjira ya kuchimbudzi, ndipo tochi izikhala pafupi ndi bedi magetsi akazima.